Ndege yopita kunja yonyamuka usiku: mufike nthawi yanji pabwalo?

Makampani ambiri a ndege mukawafunsa, yankho lawo ndi limodzi: fikani kutatsala maola atatu. Yankho limeneli n'loona, ndipo inenso ndi limene ndimatsatira. Koma maola atatuwo mukuwawerenga kuchokera pati, ndipo tsiku liti? Pa ndege za masana mafunso awiriwa savuta. Pa ndege zonyamuka pakati pa usiku ndi pomwe anthu anzeru zawo, oti ayendapo kale kangapo, amapezeka atasiyidwa.

Yambani ndi tsiku, ola libwere pambuyo

Tengani tikiti yanu muyang'ane tsiku ndi nthawi pamodzi. Matikiti amalemba nthawi m'mawerengedwe a maola 24, ndipo nthawi yonyamukirayo ndi ya kumalo komwe mukunyamukira. Ndege ya 23:50 ndi ndege ya 00:10 zimasiyana ndi mphindi 20 zokha, koma zili m'masiku awiri osiyana. Tikiti ikati Loweruka 00:30, ndiye kuti kunyumba muchoka Lachisanu madzulo, ndipo pofika 21:30 Lachisanu lomwelo mukhale muli pabwalo. Mutu wa munthu umawerenga tsiku kuyambira kukacha. Ukaona Loweruka ndi nthawi ya usiku, umangoganiza za usiku umene ubwere dzuwa la Loweruka litalowa. Kompyuta sidikira kuti kuche. Kwa iyo Loweruka limayamba 12 koloko usiku ikangokwana.

Ndinaona zimenezi ndi maso anga tsiku lina ndili pamzere wopereka katundu. Patsogolo panga panali bambo wina wovala bwino, masutikesi awiri ali pa kangolo, pasipoti ndi mapepala onse ali m'manja mwadongosolo. Anafika nthawi yabwino, maola atatu enieni. Mayi wa pa kauntala anayang'ana pasipoti, anayang'ana kompyuta, anabwereza kulemba dzina, kenako anatsitsa mawu.

"Bambo, ndege yanu inanyamuka kale usiku wathawu."

Bambo uja anatulutsa foni n'kuika chala pa tikiti. "Mayi, taonani bwino. Apa palembedwa lero."

Panalembedwadi tsiku lomwelo, koma ndege yake inali itanyamuka maola 21 m'mbuyomo, iye ali m'tulo kunyumba. Anasuntha kangolo kake pambali osanenanso kanthu, ife mzere unapitirira.

Chowawa kwambiri pa vuto lotere n'chakuti silithera pa ndege imodzi. Makampani ambiri akaona kuti simunakwere ndege yoyamba ndipo simunawadziwitse, amafafaniza maulendo onse otsala pa tikitiyo, ngakhale ulendo wobwerera. Choncho mukangogula tikiti, lembani mufoni tsiku lochoka kunyumba, osati tsiku lolembedwa pa tikiti. Amene adzakuperekezeni kapena dalaivala amene mwapangana naye, muuzeni tsiku lochoka kunyumbalo basi. Mukamuuza masiku onse awiri mumusokoneza.

Werengani nthawi chobwerera m'mbuyo

Nthawi yolembedwa pa tikiti si nthawi yokwera ndege. Ndi nthawi imene ndegeyo imachoka pamalo pake, zitseko zitatsekedwa kale, aliyense atamanga lamba. Nthawi zimene zikukukhudzani inuyo ndi zina zitatu, ndipo zonse zimafika nthawi ya pa tikiti isanakwane.

Yoyamba ndi nthawi yotsekera kauntala ya check-in, pomwe amalandira katundu n'kukupatsani boarding pass, chikalata cholowera m'ndege. Pa maulendo opita kunja, makampani ambiri amatseka kutatsala mphindi 60, ndipo ena amatseka msanga kuposa apo. Nthawi imeneyi ndi yosanyengerereka. Ikakwana, kompyuta imatseka ndegeyo, chifukwa kulemera kwa anthu ndi katundu kumayenera kuwerengedwa ndege isananyamuke. Wa pa kauntala angakumvereni chisoni chotani, nthawi zambiri alibe mphamvu yotsegulanso. Kukhala pamzere sikuwerengedwa kuti mwafika. Muyenera kukhala mutathandizidwa.

Yachiwiri ndi nthawi yoyamba kukweza anthu, yomwe pa ndege zikuluzikulu za maulendo aatali imakhala kutatsala mphindi 45 mpaka ola lathunthu. Yachitatu ndi nthawi yotseka geti, khomo lokwererapo ndege, kawirikawiri kutatsala mphindi 15 kapena 20. Nthawi zenizeni za kampani yanu zimalembedwa pa tikiti, pa boarding pass kapena pa tsamba lawo la pa intaneti. Ziwerengeni, musangodalira zimene munakumana nazo pa ulendo wina ndi kampani ina.

Tiyerekeze ndege ya 23:40. Geti itsekedwa cha m'ma 23:20. Kukwera kuyamba cha m'ma 22:50. Kauntala itsekedwa 22:40. Mukafika 20:40, maola atatu aja asanduka maola awiri ndi mphindi khumi kuti ayambe kukweza anthu, ndipo m'nthawi imeneyo muyenera kutsitsa katundu, kupeza kauntala, kuima pamzere, kudutsa kwa achitetezo, kuimanso pamzere wa imigireshoni (oona za mapasipoti), n'kuyenda mpaka pa geti. M'mabwalo akuluakulu kuyenda kokhako kumatha kudya mphindi 20, kwina mpaka kukwera sitima yapansi kapena basi yamkati mwa bwalo. Zinthu zikayenda bwino mumatsala ndi ola lathunthu lokhala pansi. Chimodzi chokha chikakodwa, olalo ndi limene limakupulumutsani.

Musaganize kuti usiku kulibe anthu

Ambiri amadzinyenga kuti poti ndi usiku, bwalo likhala lopanda anthu, ndiye maola awiri akwana. Pa ndege za m'dziko momwemo nthawi zina zimatero. Pa maulendo akunja n'zosiyana. Maulendo ambiri aatali amaikidwa dala usiku kuti anthu agone m'ndege n'kukafika m'mawa. Ndege zochoka ku Johannesburg kupita ku Ulaya, mwachitsanzo, zambiri zimanyamuka madzulo n'kukatera kukucha. Palinso mabwalo amene malamulo salola ndege kutera kapena kunyamuka usiku chifukwa cha phokoso: ku Frankfurt kuyambira 23:00 mpaka 05:00, ku Sydney kuyambira 23:00 mpaka 06:00. Ndege zochokera kutali zimakonza nthawi yake yonyamukira kuti zikafike kumalo otere atatsegula, ndipo zimenezi zimaunjika maulendo ambiri pa maola ofanana.

Mabwalo amene anthu amasinthirapo ndege, monga Dubai, Doha, Addis Ababa ndi Istanbul, amagwira ntchito m'magulu. Ndege zambiri zimatera pafupifupi nthawi imodzi, anthu n'kusinthana, kenako zonse n'kunyamuka motsatizana. Gulu lina lalikulu limakhala la usiku. Ku Dubai kapena ku Doha, 1 koloko usiku kumakhala piringupiringu ngati masana. Ndege imodzi ya Boeing 777 imanyamula anthu oposa 300, ndipo Airbus A380 imafika cha m'ma 500. Zikamanyamuka zitatu kapena zinayi mu ola limodzi, anthu oposa 1,000 amafuna kudutsa pa zipata zomwezo za achitetezo zomwe inunso mukufuna.

Bwalo laling'ono lili ndi vuto lake lina. Anthu angakhale ochepa, koma ogwira ntchito usiku nawonso amakhala ochepa. Pa makauntala asanu ndi limodzi a imigireshoni mumapeza awiri okha ali ndi anthu, makina ounikira katundu akugwira amodzi. Mzere waufupi umayenda ngati nkhono.

Ganiziraninso za mtengo wa kuphonya. Ndege ya masana ikakusiyani, mwina pali ina madzulo. Ya usiku nthawi zambiri imakhala yomaliza pa tsikulo, ndipo njira zina ndege siziyendamo tsiku lililonse. Mukaiphonya, ndi nkhani yofuna pogona pakati pa usiku, maofesi ogulitsa matikiti ali otseka.

Pomwe muyenera kuwonjezera ola, ndi pomwe mungachepetse

Onjezerani mphindi 30 mpaka ola lathunthu pamwamba pa maola atatu aja ngati muli ndi ana aang'ono, ngati mukuyenda ndi munthu wachikulire kapena wofunika njinga ya olumala, ngati ndinu gulu, kapena ngati katundu wanu ndi wochuluka moti mukalipira wowonjezera. Kulipirako nthawi zambiri kumachitikira pa kauntala ina, ndiye mumaima mizere iwiri. Za njinga ya olumala, dziwitsani kampani kutatsala maola 48 kapena kuposa. Onjezeraninso ngati ndi nyengo ya tchuthi, ngati bwalolo simukulidziwa, kapena ngati ndi ulendo wanu woyamba wa pandege. Maulendo opita ku United States amakhala ndi mafunso ndi kuunika kowonjezera musanakwere. Ndipo ngati viza yanu ndi yofunika kuti aiunike bwino, mwina muli ndi kalata yoitanidwa kapena chilolezo cha sukulu kapena cha ntchito, fikani msanga. Wa pa kauntala akakayikira chikalata amaitana wamkulu wake, wamkuluyo n'kuimba foni, inu mutaima pambali mukuona anzanu akudutsa. Sachitira nkhanza. Kampani ikanyamula munthu wopanda zikalata zokwanira, imalipitsidwa chindapusa ndipo imayenera kumubweza yokha.

Mungachepetse kufika pa maola awiri ngati mwachita kale check-in pa intaneti, muli ndi chikwama cha m'manja chokha, zikalata zanu n'zosavuta, ndipo bwalolo mumalidziwa ngati kuseri kwa nyumba yanu. Ngakhale zili choncho, makampani ena amafunabe kuona pasipoti ndi viza pa kauntala musanalowe mkati. Ine sindichepetsa kupitirira apo. Ola limene ndapulumutsa kunyumba sindichita nalo kanthu kenikeni, ndimangoyang'ana wotchi.

Kufika msanga kwambiri nakonso n'kudzizunza chabe. Makauntala ambiri amatsegulidwa kutatsala maola atatu kapena anayi. Mukafika kutatsala maola asanu ndi limodzi, mukhala kunja kwa zipata mutakumbatira masutikesi, komwe mipando ndi yochepa, osatha kupita ngakhale kuchimbudzi mwaufulu chifukwa katundu sasiyidwa yekha pabwalo la ndege.

Konzani ulendo wochoka kunyumba

Maola atatu aja amayamba mukalowa pakhomo la bwalo, osati mukatseka chitseko cha nyumba. Tengani nthawi yofikira, chotsanipo nthawi ya pamsewu, kenako chotsaninso mphindi 30 za zosayembekezereka. Chodabwitsa cha ndege za usiku n'chakuti ngakhale ndegeyo ndi ya 23:00, inu mumakhala pamsewu cha m'ma 18:30 kapena 19:00, nthawi imene anthu akuweruka kuntchito ndipo magalimoto ali mdipiti. Ndege ikakhala ya 02:00 kapena 03:00, vuto limatembenuka: msewu uli mbee, koma mabasi ndi sitima zasiya kuyenda, ndipo matakisi ndi osowa. Panganani ndi wokunyamulani dzulo lake, ndipo khalani ndi nambala ya wina wachiwiri.

Onetsetsani bwalo ndi terminal yake, kutanthauza nyumba ya pabwalo imene ndege yanu inyamukire. Mizinda ina ili ndi mabwalo angapo: London ili ndi Heathrow, Gatwick, Stansted, Luton ndi ena, ndipo ndi otalikirana. Heathrow yokha ili ndi ma terminal anayi omwe akugwira ntchito, 2, 3, 4 ndi 5. Yang'ananinso pa tikiti kuti ndege ikuyendetsedwa ndi kampani iti. Mutha kugula tikiti ku kampani ina koma yokunyamulani n'kukhala ina yogwirizana nayo, ndipo kauntala yoti mupiteko ndi ya yokunyamulaniyo.

Ngati mukuchokera ku hotela, nthawi yotulutsira anthu m'zipinda imakhala masana, ndege ili usiku. Apempheni akusungireni katundu, koma pasipoti, ndalama ndi mankhwala zikhale pathupi panu.

Zimene mungamalize dzulo lake

Nthawi yambiri imene anthu amataya pabwalo ndi ya zinthu zoti akanamaliza ali kunyumba. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Check-in ya pa intaneti imatsegulidwa kutatsala maola 24 mpaka 48, malinga ndi kampani. Chitani, sankhani mpando, sungani boarding pass mufoni, ndipo ijambuleni kuti ioneke ngakhale intaneti itavuta. Ngati kuli kotheka sindikizaninso papepala, chifukwa pofika pakati pa usiku batire ya foni imakhala itatopa ndi tsiku lonse. M'mabwalo a ku India simulowa n'komwe m'nyumba ya bwalo popanda kuonetsa tikiti ndi chiphaso pakhomo.

Pasipoti iyang'aneni masabata angapo ulendo usanafike. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe mphamvu, ndiponso masamba opanda chidindo. Mayiko a ku Ulaya a m'gawo la Schengen amafuna kuti ikhalebe ndi mphamvu miyezi itatu kupitirira tsiku limene mudzatulukeko, komanso kuti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Ngati kumene mukupita amafuna khadi la katemera wa yellow fever, dziwani kuti limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye si chinthu chothamangira tsiku la ulendo.

Yezani katundu pa sikelo. Pa matikiti ambiri a anthu wamba sutikesi imodzi imaloledwa kufika makilogalamu 23, ndipo chikwama cha m'manja pa makampani ambiri ndi makilogalamu 7 kapena 8. Sutikesi yopitirira makilogalamu 32 ambiri sailandira ngakhale mutalipira, chifukwa onyamula ndi anthu. Palibe chochititsa manyazi ndi chodya nthawi ngati kutsegula sutikesi pansi pamaso pa mzere wonse, zovala zamkati zili poyera, mukusamutsira nsapato m'chikwama china.

M'chikwama cha m'manja, zamadzimadzi monga mafuta odzola, perefyumu ndi mankhwala otsukira mano zikhale m'mabotolo osapitirira mamililita 100, zonse m'kathumba kamodzi koonekera mkati. Lamulo limeneli linayamba mu 2006. Mabwalo ena okhala ndi makina atsopano alifewetsa, koma ambiri akulitsatirabe, ndipo kulongedza molitsatira sikungakulakwitseni kulikonse. Power bank (batire yotchajira foni) ndi mabatire apadera a lithium saloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Zikhale m'manja. Mukaiwala, akhoza kukuitanani mutafika kale pa geti kuti mukatsegule sutikesi, kapena sutikesiyo kutsala.

Mukafika pabwalo

Musayambe ndi kukhala pansi kapena kutsanzikana kwa ola lathunthu pakhomo. Yang'anani pa sikirini nambala ya ndege yanu, osati dzina la mzinda lokha, chifukwa ndege ziwiri zitha kupita mzinda umodzi usiku womwewo. Pitani ku kauntala, perekani katundu, ndipo onani kuti kapepala komata pa sutikesi kalembedwa komwe mukukathera. Ngati mukasintha ndege panjira, funsani ngati katundu apitirira yekha kapena mukamutenganso. Sungani kachidutswa ka nambala ya katundu komwe akupatseni.

Mukachoka pamenepo lunjikani kwa achitetezo. Mukadali pamzere, chotsani makobiri, makiyi ndi foni m'matumba n'kuika m'chikwama, masulani lamba, laputopu ikhale pamwamba. Madzi a m'botolo imwani kapena tayani, botolo lopanda kanthu mukadzaza mkati. Kenako imigireshoni. Mukadutsa, pitani kaye mukaione geti yanu ndi maso, mudziwe kutalika kwake, ndiye mubwerere kukafuna chakudya. Usiku masitolo ena ndi malo osinthira ndalama amatseka, makamaka m'mabwalo aang'ono, choncho idyani musanachoke kunyumba ndipo ndalama zakunja musinthiretu.

Mdani wotsiriza ndi tulo. Mwatopa ndi tsiku lonse, mwapeza mpando wofewa pakona yabata, mwati mungotsinzina pang'ono. Mabwalo ena salengeza n'komwe pa zokuzira mawu, amangolemba pa sikirini, ndipo geti imatha kusinthidwa inu musakudziwa. Khalani pafupi ndi geti, tcherani alamu kuti ilire kutatsala mphindi 10 kuti ayambe kukweza anthu, foni ikhale m'thumba la malaya pomwe muimve ikanjenjemera. Chikwama chikhale pamiyendo kapena lamba wake mutamukoleka pamkono. Onaninso kuti wotchi ya foni ikuonetsa nthawi ya kumalo komwe muli, makamaka ngati mwangotera kumene kuchokera dziko lina.

Uthenga ukabwera kuti ndege yachedwa, kapena mwachedwa ndinu

Mukalandira uthenga muli kunyumba kuti ndege ichedwa ndi maola awiri, musabwerere kukagona. Pokhapokha kampani itanena momveka kuti nthawi ya check-in nayonso yasunthidwa, kauntala ikhoza kutsekedwa pa nthawi yake yakale. Komanso kuchedwa kumatha kufupikitsidwa akapeza ndege ina kapena vuto likakonzedwa msanga, ndipo sadikira amene adakali kunyumba.

Ngati wochedwa ndinu, chitani check-in pafoni muli m'galimoto ngati simunachite. Mukafika musakaime kumapeto kwa mzere mwaulemu. Pezani wogwira ntchito wa kampaniyo, muonetseni tikiti, muuzeni kuti kauntala ya ndege yanu yatsala pang'ono kutsekedwa. Kawirikawiri amakupititsani kutsogolo, ndipo ambiri amayenda m'mizere akufuula dzina la mzinda pofuna otsalira. Mukaona kuti simufika ndithu, imbirani kampani kapena amene anakugulitsani tikiti nthawi yonyamuka isanakwane. Tikiti yosinthidwa ndege isananyamuke nthawi zambiri imalipitsidwa zochepa kusiyana ndi ya munthu amene sanaoneke, ndipo ulendo wanu wobwerera umatsala uli wamoyo.